Zimene mungachite anthu akamakuyezani ndi galimoto imene mumayendetsa

Munthu akafika pamalo ali pa galimoto, amene ali pamenepo amakhala atamuika kale m'gulu asanazimitse n'komwe injini. Amaona mtundu wa galimotoyo, ukulu wake, kuwala kwa penti ndi kaliridwe ka injini, ndipo pa zokhazi amayamba kulingalira za ndalama zimene mwiniwakeyo amapeza, ntchito imene amagwira, ngakhalenso khalidwe lake. Ambiri amakana kuti sachita zimenezi, koma zochita zawo zimawatsutsa. Mu 1968, akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, Anthony Doob ndi Alan Gross, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita m'misewu ya ku Palo Alto ndi Menlo Park ku California. Ankaimika galimoto pa maloboti, ndipo nyali yobiriwira ikayaka ankangokhala osanyamuka, kuti aone ngati dalaivala wa kumbuyo aliza hutala. Nthawi zina ankaimikapo Chrysler yakuda ya 1966, yotsukidwa ndi kupukutidwa bwino, ndipo nthawi zina Ford ya dzimbiri ya 1954 kapena Rambler yotuwa ya 1961. Pa madalaivala 100 alionse amene anatsekerezedwa ndi galimoto yakale, 84 analiza hutala, pamene kumbuyo kwa galimoto yodula analiza anali 50 okha. Ophunzira aamuna amene anafunsidwa padera kuti akanatani pa malo otero ananena kuti akanafulumira kulizira hutala galimoto yodulayo, zomwe zinali zosiyana kwambiri ndi zimene zinkachitika mumsewu.

Choncho palibe chifukwa chodzinamiza kuti galimoto ndi chitsulo chabe chotifikitsa kumene tikupita. Imalankhula, ndipo anthu amaimvera. Chimene munthu wanzeru amafunika kudziwa ndi kutalika kwa nthawi imene mawu a galimotoyo amamveka, anthu amene amawamvera, ndi mtengo umene akulipira kuti galimoto imulankhulire zabwino.

Dziwani kumene maganizo amenewa anachokera

Zimathandiza kuzindikira kuti kusanja anthu potengera galimoto sikunangomera kokha, koma kuti makampani opanga magalimoto anakulimbikitsa mwadala chifukwa kumawapindulira. Henry Ford anagulitsa magalimoto a Model T oposa 15 miliyoni pakati pa 1908 ndi 1927, ofanana kwambiri maonekedwe, moti mlimi ndi dokotala ankatha kuyenda pa galimoto ya mtundu umodzi. Alfred Sloan wa kampani ya General Motors anaona kuti phindu lalikulu lili pa kusiyanitsa anthu, ndipo m'zaka za m'ma 1920 anasanja magalimoto a kampani yake ngati makwerero, Chevrolet pansi, Oldsmobile ndi Buick pakati, Cadillac pamwamba, kuti munthu akakwera pa udindo aone kuti ayeneranso kukwera pa galimoto. Anayambitsanso zosintha maonekedwe a galimoto chaka ndi chaka, kuti ya chaka chatha izioneka yotsalira ngakhale ikuyenda bwinobwino. Katswiri wa zachuma Thorstein Veblen anali atafotokoza kale mu 1899 kuti anthu amagula zinthu zina n'cholinga choti ena aone kuti angakwanitse kuzigula, ndipo galimoto inabwera kudzakhala chida choyenerera bwino ntchito imeneyi, popeza nyumba imatsala kumene inamangidwa pamene galimoto imapita nanu kulikonse.

Chimene anthu amawerenga kwenikweni ndi chizindikiro cha kampani chimene chili pamphuno pa galimoto, osati ubwino wa chitsulo. Toyota itafuna kugulitsa magalimoto apamwamba ku America mu 1989, inawapatsa dzina lina, Lexus, podziwa kuti munthu wolemera sangapereke ndalama zambiri pa dzina limene wantchito wake akuyendera. Volkswagen inayesa njira ina mu 2002, pamene inatulutsa Phaeton, galimoto yopangidwa mwaluso kwambiri, imene zipangizo zake zambiri za pansi zinali zofanana ndi za Bentley Continental, galimoto yodula kwambiri ya ku Britain. Koma inali ndi chizindikiro cha Volkswagen, ogula anaizemba, ndipo inasiya kupangidwa mu 2016. Ku India, kampani ya Tata inayamba kugulitsa Nano mu 2009 pa mtengo wa pafupifupi marupee 100,000, ndipo inatchuka kuti ndi galimoto yotsika mtengo kuposa zonse padziko. Kutchuka kumeneko n'kumene kunaipweteka, chifukwa mabanja ambiri amene inapangidwira sanafune kuti aziwaona ali m'galimoto imene dziko lonse likudziwa kuti ndi ya osauka. Mukamva mtima wanu ukukokera ku dzina linalake, kumbukirani kuti pali anthu amene amalipidwa kuti mtimawo uzikokera kumeneko.

Siyanitsani anthu amene akukuyezani

Cholakwika chimene ambiri timachita ndi kuika oweruza onse m'thumba limodzi, n'kumangoti "anthu aziti chiyani." Khalani pansi ndi kudzifunsa kuti anthuwo ndi ndani, chifukwa maso awo salemera mofanana.

Gulu lalikulu kwambiri ndi la anthu osakudziwani, amene mumadutsana nawo mumsewu, pa maloboti ndi pothirira mafuta. Awa amakuonani kwa masekondi ochepa, ndipo akangokhota amakhala atakuiwalani. Komanso sakuonani mmene inu mukuganizira. Thomas Gilovich ndi anzake a ku yunivesite ya Cornell anaonetsa zimenezi mu 2000, pamene anaveka ophunzira malaya ochititsa manyazi n'kuwalowetsa m'chipinda momwe munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthu a m'chipindamo laona chimene chinali pa malayawo, koma amene anaonadi anali pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Kulowa m'ngongole ya zaka zisanu chifukwa cha gulu ili ndi kulipirira ulemu wa anthu amene sadzakumbukira n'komwe nkhope yanu.

Gulu lachiwiri ndi la anthu amene amakulandirani pakhomo, monga alonda a pageti, olandira alendo ndi ogulitsa malonda. Apa ndi pamene kusiyanako kumaonekera poyera, ndipo kumapweteka. Galimoto yaikulu ya magalasi akuda ikafika pageti, mlonda amadzuka msangamsanga, kuchitira sawatcha, n'kukweza chitsulo osafunsa chilichonse. Kagalimoto kakale kakafika pambuyo pake, mlonda yemweyo amabwera pang'onopang'ono ndi buku lake m'manja, kusuzumira pawindo, kufunsa dzina, kufunsa amene mwadzamuona, kuuza kuti mutsekule kumbuyo, kenako n'kukulozerani malo oimika akutali ndi khomo. Zimenezi n'zosakondweretsa, koma muziyeze moyenera: zimakudyerani mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Tsitsani galasi asanagogode, perekani moni, tchulani dzina lanu ndi la amene mwadzamuona momveka bwino, ndipo musaonetse kuipidwa. Mlondayo nthawi zambiri amakhala akudziteteza yekha, chifukwa anaphunzira kuti kuimitsa bwana kungamuchotsetse ntchito pamene kuimitsa munthu wamba sikungamubweretsere vuto. Mukadzafikanso kachitatu, adzakhala akudziwa inuyo osati galimoto.

Gulu lachitatu, limene maso ake ali ndi mtengo weniweni, ndi la anthu amene mumachita nawo malonda kapena ntchito. Wogulitsa nyumba amene amanyamula makasitomala pa galimoto yake, loya amene amapita kukakumana ndi amene akufuna kumulemba, kapena womanga amene akufunafuna ntchito yaikulu, onsewa galimoto ndi mbali ya chida chawo cha ntchito, ndipo n'zoona kuti kasitomala amaiyang'ana pofuna kudziwa ngati munthuyu zimamuyendera. Koma apanso lupangali ndi lakuthwa konsekonse. Kasitomala akaona galimoto yodula mopitirira, amayamba kudzifunsa ngati si ndalama zake zimene zikailipire, ndipo bwana akaona wantchito wake akuimika galimoto yoposa yake, nkhani yokweza malipiro imavuta kuiyamba. Njira yabwino ndi kuyang'ana zimene anzanu odalirika a ntchito yofanana ndi yanu amayendera, n'kukhala chapakati pawo, osati pamwamba.

Gulu lomaliza ndi la abale ndi mabwenzi, ndipo pano pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera. Stephen Garcia wa ku yunivesite ya Michigan ndi anzake anapeza mu 2018 kuti anthu akafunsidwa galimoto imene angayendere pofuna kupeza mabwenzi atsopano, ambiri amasankha yodula, koma akafunsidwa munthu amene angakonde kupalana naye ubwenzi, amakonda amene wabwera pa galimoto wamba. Timadzionetsera ndi chinthu chomwecho chimene chimatithamangitsa tikachiona kwa ena. Pa nkhani ya chikondi zinthu zimasiyanako pang'ono, poti kafukufuku wa Michael Dunn ndi Robert Searle wa mu 2010 ku Britain anaonetsa kuti akazi anaona mwamuna yemweyo kukhala wooneka bwino atakhala mu Bentley kuposa atakhala mu kagalimoto wamba ka Ford Fiesta, pamene amuna sanasinthe maganizo awo pa mkazi chifukwa cha galimoto. Koma apo anthu ankayang'ana zithunzi chabe, ndipo chithunzi sichifunsa kuti galimotoyo yatsala ndi ngongole ya miyezi ingati.

Musanagule, werengerani mtengo wa ulemuwo

Ngati mukuganiza zogula galimoto, yambani mwalemba ntchito imene galimotoyo idzagwire musanayang'ane chithunzi cha galimoto iliyonse: anthu amene idzanyamule, misewu imene idzayendemo, mtunda wa pa sabata, ndi katundu amene mumanyamula kawirikawiri. Pezani galimoto yotsika mtengo kwambiri yodalirika imene ingakwanitse zonsezo. Kenako ikani pambali pake galimoto imene mtima wanu ukufuna, n'kuchotsera mtengo wa yoyamba pa wa yachiwiri. Kusiyanako ndi ndalama imene mukulipira chifukwa cha kukoma kwa kuyendetsa ndiponso maso a anthu. Si tchimo kuilipira, koma muilipire mukuidziwa kukula kwake, osati mukudziuza kuti mwasankha yodulayo chifukwa ndi yolimba.

Powerengera musathere pa mtengo wogulira. Galimoto yapamwamba imafuna inshuwalansi yokwera, matayala akuluakulu odula, mafuta ambiri, ndi zipangizo zimene sizipezeka pa galaja iliyonse. Imatsikanso mtengo mofulumira. Galimoto yatsopano kawirikawiri imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wake m'chaka choyamba, ndipo pakatha zaka zisanu yambiri imakhala itatsika kufika chapafupi ndi theka, magalimoto apamwamba ambiri n'kumatsika kuposa pamenepo. Apa ndi pamene pali msampha umene umakola anthu ambiri: galimoto ya dzina lalikulu ya zaka khumi imagulitsidwa motsika modabwitsa, munthu n'kuona ngati wapeza mwayi, osadziwa kuti ngakhale mtengo wogulira watsika, mtengo wokonzetsera udakali wa galimoto yapamwamba. Giyabokosi ikangovuta, galimotoyo imakhala miyezi itaimikidwa, ndipo anthu omwe aja amene munkafuna kuwagometsa ndi amene amayamba kufunsa kuti yapita kuti.

Alangizi a zachuma ku America amakonda kutchula lamulo la 20/4/10, lomwe limati munthu apereke ndalama zosachepera 20 peresenti ya mtengo pogula, ngongole isapitirire zaka 4, ndipo zolipira galimoto pamwezi, kuphatikizapo inshuwalansi, zisapitirire 10 peresenti ya zimene amapeza. Si lamulo la boma, ndipo kumene chiwongoladzanja chili chokwera kwambiri liyenera kukhwimitsidwa koposa, koma limathandiza kuona msanga ngati mukudzikweza pamene simungafike. Wogulitsa akayamba kukufunsani kuti mungakwanitse zingati pamwezi m'malo mokuuzani mtengo wonse, chenjerani, chifukwa kutalikitsa ngongole kumachepetsa ya pamwezi koma kumachulukitsa yonse imene mudzapereke.

Dzifunseninso nthawi imene chilakolakochi chinayamba. Peter Kuhn ndi anzake anafufuza mpikisano wina wa mwayi ku Netherlands, umene opambana ake amasankhidwa potengera dera limene amakhala ndipo mmodzi amalandira BMW yatsopano. Zotsatira zake, zimene zinafalitsidwa mu 2011, zinaonetsa kuti anthu oyandikana nyumba ndi opambanawo, amene iwowo sanapate kanthu, ankagula magalimoto kuposa anthu ena m'miyezi yotsatira. Ngati galimoto yanu inali yokwanira mpaka tsiku limene mnzanu wa kuntchito anaimika yatsopano pambali pake, vuto silili mu injini. Dikirani miyezi itatu musanasaine chilichonse, chifukwa nsanje yotere imazilala yokha maso akazolowera.

Ndipo chisangalalo chimene mukuyembekezera n'chochepa kuposa mmene chikuonekera patali. Ofufuza awiri, Norbert Schwarz ndi Jing Xu, anafunsa eni magalimoto mmene amamvera akamayendetsa galimoto yawo, ndipo a magalimoto odula anayankha kuti amasangalala kwambiri. Koma atafunsidwa mmene anamvera pa ulendo wawo womaliza wopita kuntchito, panalibe kusiyana pakati pa wa galimoto yodula ndi wa yotsika mtengo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: munthu ali pamzere wa magalimoto m'mawa amakhala akuganiza za kuchedwa, za ana, za msonkhano, osati za chikopa cha mpando umene wakhalira.

Ngati galimoto yanu ndi yakale kapena yaing'ono

Pali kusiyana kwakukulu pakati pa galimoto yakale ndi galimoto yosasamalidwa, ndipo anthu amakuona kusiyanako ngakhale sakutchula. Yakale imangonena kuti mwiniwake sanagule ina, mwina chifukwa alibe ndalama, mwina chifukwa sakufuna. Yosasamalidwa imanena kuti mwiniwake amalekerera zinthu, ndipo chiweruzo chimenechi n'chimene chimamutsatira mpaka mu ofesi. Chosangalatsa n'chakuti zambiri zimene zimachititsa galimoto kuoneka ngati chiphapha n'zotsika mtengo kuzikonza. Nyali imodzi yothima, galasi la m'mbali lomangidwa ndi tepi, bampala yolendewera pa waya, chotsekera gudumu chimodzi chosowa pamene zitatu zilipo, magalasi a nyali achikasu ngati achita ng'ala, lamba wa injini wolira m'mawa, zonsezi pamodzi mwina sizingafike pa ndalama ya mwezi umodzi ya ngongole ya galimoto yatsopano. Ngati chotsekera gudumu chimodzi chasowa ndipo china simukuchipeza, chotsani zitatu zotsalazo, chifukwa magudumu ofanana amaoneka aukhondo kuposa osiyana.

M'kati ndi mofunika kuposa kunja, popeza amene amalowamo ndi anthu amene maganizo awo amakukhudzani. Munthu akamatsekula chitseko n'kupeza kuti muyenera kuyamba mwachotsa mapepala, mabotolo ndi nsapato pampando kuti akhale, waphunzira za inu zambiri kuposa zimene chizindikiro cha kutsogolo chikanamuuza. Sesanimo, pukutani dashibodi, ndipo fufuzani kumene fungo likuchokera m'malo molikwirira ndi zonunkhiritsa. Pewaninso kuiveka galimoto zimene si zake, monga kumata chizindikiro cha kampani ina kapena zilembo za mtundu wapamwamba umene si wake. Odziwa magalimoto amazindikira nthawi yomweyo, ndipo munthu amene akanalemekezedwa chifukwa chokhutira ndi zake amasanduka choseketsa.

Chinanso n'chakuti musamaipepesere galimoto yanu. Ambiri mlendo akangokhala pampando amayamba kunena kuti pepani kagalimoto kathu n'komweka, kapena kufotokoza kuti akuyembekezera ina. Mawu oterewa amauza mlendoyo kuti pali chochititsa manyazi, pamene mwina iye amangoyamikira kuti wapeza womunyamula. Musaimikenso kutali dala kuti anthu asakuoneni mukutsika. Wina akakunyozani, yankho lalifupi lonena zoona, loperekedwa mosakwiya, limatseka nkhani: kuti ilibe ngongole, kapena kuti siinakugonekenipo panjira. Mukayamba kudziteteza ndi mawu ambiri, wonyozayo amadziwa kuti walasa pachilonda, ndipo adzabwerezanso.

Pali masiku ochepa pachaka pamene maonekedwe amafunikadi, monga tsiku la ukwati kapena pokalandira mlendo wofunika wa kampani. Pa masiku otero kubwereka galimoto kwa a hayala n'kwanzeru, chifukwa mumalipira tsiku limodzi m'malo molipira zaka.

Ngati galimoto yanu ndi yodula

Amene ali ndi galimoto yapamwamba nawonso amayezedwa, ndipo muyezo wake si wokoma nthawi zonse. Wogulitsa amene mtengo wake ndi wokambirana amaukweza akaona chimene mwatsikamo, makaniko wina amaonjezera pa zolipira, opempha thandizo amachuluka, ndipo mukakana amati ndinu ouma manja chifukwa sangakhulupirire kuti munthu wa galimoto yotero alibe ndalama m'thumba. Ngati mukukagula chinthu chachikulu chimene mtengo wake sunalembedwe, funsani mtengowo pa foni musanapite.

Cholemera kwambiri ndi mbiri yakuti oyendetsa magalimoto odula ndi amwano. Mu 2012, Paul Piff ndi anzake a ku yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti madalaivala a magalimoto apamwamba ankadula anzawo pamphambano ndiponso kusaimira oyenda pansi kuposa a magalimoto wamba. Nkhaniyi inafala kwambiri, mwina chifukwa inatsimikizira zimene anthu ankafuna kumva. Koma ofufuza ena atabwereza kafukufukuyu ndi magalimoto ochuluka, anafalitsa mu 2023 kuti sanapeze kusiyana koteroko. Ku Finland, Jan-Erik Lönnqvist wa ku yunivesite ya Helsinki anafunsa eni magalimoto 1,892 ndipo anapeza kuti magalimoto apamwamba amakopa magulu awiri osiyana kwambiri: amuna odzikonda ndi okonda mikangano, komanso amuna ndi akazi olongosoka, osamala zinthu ndi odalirika. Choncho mbiriyo si yoona kwa onse, koma ilipo, ndipo mumaisenza kaya mukufuna kaya ayi. Wa galimoto yaing'ono akadula mnzake, anthu amati dalaivalayo ndi wosasamala, koma inu mukachita zomwezo amati olemera ndi mmene alili.

Njira yochotsera mbiriyi ili m'manja mwanu, pa chiwongolero pomwepo. Imani pa malo owolokera oyenda pansi ndipo mudikire mpaka munthu atawoloka, osamusunthira galimoto pang'onopang'ono ngati mukumuthamangitsa. Yatsani indiketa. Imikani m'kati mwa mizere osatenga malo a magalimoto awiri poopa kukalidwa. Mukafika pa madzi odikha pamene pambali pali anthu, chepetsani liwiro. Wothira mafuta kapena mlonda mulankhuleni mutatsitsa galasi lonse, osati kudzera pa kampata kokwana zala ziwiri. Ndipo makiyi akhale m'thumba. Chizolowezi chowaika patebulo chizindikiro chili m'mwamba aliyense amachidziwa tanthauzo lake.

Pamene woyezayo ndi inu

Mbali iyi ndi imene ingakutayitseni ndalama zambiri kuposa zonse, chifukwa anthu achinyengo amadziwa bwino kuti galimoto imatsekula zitseko. Amene akufuna kukukopani kuti muike ndalama mu bizinesi yabodza amafika pa galimoto yonyezimira mwadala, ndipo galimotoyo ikhoza kukhala yahayala, yobwereka kwa mnzake, ya kampani, kapena yoti banki ili pafupi kuilanda. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Galimoto imakuuzani ndalama zimene munthu wawononga kapena wakongola, koma siikuuzani zimene wasunga. Thomas Stanley ndi William Danko, amene anafufuza moyo wa anthu olemera ku America n'kufalitsa zimene anapeza mu 1996, anaona kuti ambiri mwa anthu a chuma chenicheni sankayendera magalimoto a chaka chimenecho, ndipo ena ambiri ndithu ankagula ogwiritsidwapo kale ntchito.

Koma musalumphire mbali inayo n'kuyamba kuganiza kuti aliyense wa galimoto yakale ndi mpondamatiki wobisala kapena munthu wodzichepetsa. Anthu amakonda kutchula José Mujica, amene anali mtsogoleri wa dziko la Uruguay kuyambira 2010 mpaka 2015 akuyendera Volkswagen Beetle ya 1987, kapena Ingvar Kamprad, amene anayambitsa kampani yaikulu yogulitsa mipando ya IKEA ndipo anayendera Volvo yakale kwa zaka zambiri. Nkhanizi n'zoona, koma zimakoma chifukwa aliyense ankadziwa kale kuti anthuwa ndi ndani. Munthu wotchuka akayendera galimoto yakale amatamandidwa kuti ndi wodzichepetsa, pamene munthu wamba pa galimoto yomweyo amaimitsidwa pageti. Ngakhale kusankha galimoto yosawononga chilengedwe kumatha kukhala kudzionetsera kwa mtundu wina, ndipo ofufuza ena anaona kuti Toyota Prius, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, inkagulidwa kwambiri m'madera a ku America kumene anthu amalemekeza zosamala chilengedwe, mwa zina chifukwa maonekedwe ake ankadziwika patali.

Choncho musanakongoze munthu ndalama, musanalowe naye mu bizinesi, musanamupatse ntchito kapena kumulola kulowa m'banja mwanu, ichotseni galimoto m'maganizo mwanu n'kuona chimene chatsala. Funsani kwa amene anachitapo naye malonda ngati amalipira pa nthawi yake. Onani mapepala a bizinesi imene akunena, ndipo mupite nokha kukaona kumene imachitikira. Ngati galimotoyo akuipereka ngati chikole, onani buku lake la umwini, mufananize dzina ndi nambala ya chesisi, ndipo mufufuze ku ofesi yolembetsa magalimoto ngati ilibe ngongole ina. Ngati muli ndi antchito amene amalandira anthu, auzeni momveka kuti mafunso a pageti ndi amodzi kwa aliyense, ndipo muwatsimikizire kuti simudzawadzudzula chifukwa choimitsa galimoto yaikulu, chifukwa popanda chitsimikizo chimenecho adzapitiriza kutsekulira aliyense wa magalasi akuda, kuphatikizapo wakuba amene anaphunzira kuti ndi mmene amalowera.

Ngati mukufunabe kuphunzira kanthu pa munthu kudzera pa galimoto yake, kwerani naye ulendo umodzi. Onani ngati amamanga lamba, mmene amachitira wina akamudula, ngati amagwira foni akuyendetsa, mmene amalankhulira ndi wothira mafuta, ndi ngati matayala ake ali ndi mano. Munthu amene wagula malimu onyezimira koma akuyendera matayala osalala wakuonetsani chimene amaika patsogolo ndalama zikachepa, ndipo chimenecho n'chimene mukufunika kudziwa musanamupatse zanu.